NKHAMA NDI MTIMA: MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA PA MZIMBA

Kwa ziwalo zonse za Bungwe, za pa Boma ndi za kumidzi: Pa msonkhano wathu wapitawu mmodzi wa ife, amene anagwira nchito m'zipatala zaka zambiri, anatipatsa mau ali m'munsiwa. Msonkhano unabvomerezana kuti alembedwe ndi kutumizidwa kwa iwo amene sanakhoza kufika cifukwa ca kutalika kwa njira. Wolandira kalata uyu awerengere anzace.

Mlembi.

A Wapampando, Mafumu athu, madoda ndi amai nonse muli pano:

Ndiyamika kuti mwandipatsa bwalo lero. Ndidziwa kuti ena a inu, pakumva kuti mau a lero ali a m'kamwa, munati mumtima, Kodi tacokera ku Jenda ndi ku Embangweni, kusiya minda ndi ng'ombe, kudzamva za mswaci? Ndipempha kuti mundilezere mtima kufikira ndatha. Pakuti cimene ndadza naco ndi ici, cakuti mwazi umene tiulabvula potsuka m'kamwa m'mawa, ndi kuuyesa cabe, uli ndi mlandu ndi mtima, ndipo munthu wosamalira nkhama zace asamalira zoposa mano.

Ndiyambe ndi nkhani ya kwathu. Amalume anga anakhala zaka zambiri ku Joni, monga acita amuna ambiri a dziko lino la Mzimba, nabwera kumudzi ali ndi mano onse, oyera ndi osabooka. Koma nkhama zao zinali kucoka mwazi, ndipo iwo anali kuseka, nati, Ndi ciseyeye cabe, ca pa mtundu pathu. Anali kusuta fodya kuyambira unyamata wao. Zitapita zaka mano anayamba kutalika ndi kugwedezeka, ndipo tinali kuopa kuwauza za pfungo la m'kamwa mwao, cifukwa ca ulemu. Anazulitsa dzino limodzi, nazulitsanso lina, mpaka analeka nyama ndi cimanga cokazinga. Koma pa maulendo onsewo sanapemphe kuti awayese BP, ndipo ifenso sitinawakumbutse. Tsiku lina m'mawa, alikutsegulira ng'ombe, anagwira pa cifuwa nagwa pa khomo la khola, ndipo asanafike nao ku cipatala anatisiya. Pa maliro panabuka mau akuti waloza ndi mbale wao, cifukwa ca mlandu wa munda. Ndipo nyumba ziwirizo sizidyerana kufikira lero.

Sindinena kuti nkhama zinawapha, pakuti palibe munthu angalumbire cotero. Ndinena kuti thupi lao linali kucenjeza zaka zambiri, ndipo cenjezo linali poyera, m'kamwa. Koma ife tonse sitinadziwe kuliwerenga.

1. Za nkhama, ndi umo zionongekera.

Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo dzino liri lonse laima m'pfupa la nsagwada monga mtengo wa khola uima m'nthaka. Nkhama, zimene ena azicha usinini, ndizo zokuta pfupalo ndi kugwira dzino m'khosi mwace. Pakati pa dzino ndi nkhama pali kangalande kakang'ono, kakuya kwace kosaposa mamilimita 3 mwa munthu wamoyo wabwino. M'menemo musonkhana litsiro lofewa, lotuwa, limene mulipala ndi cikhadabo mukadzuka. Ndipo litsiroli si zotsala za nsima zokha ai, koma ndi mudzi wa tizirombo tosaoneka ndi maso, tocuruka kosawerengeka.

Litsiro likakhala masiku, nkhama zifiira, zitupa, nizicoka mwazi zikakhudzidwa. M'caka ca 1965 dotolo wa mano, dzina lace Harald Löe, ku Denmark, anapempha anthu a nkhama zabwino kuti aleke kutsuka mano. Ndipo pakati pa masiku 10 ndi 21 onse anatupa nkhama, koma atayambanso kutsuka anacira patapita ngati sabata limodzi. Potero tidziwa kuti ciyambi ca nthendayi cibwezeka, ndipo mankhwala ace ndiwo mswaci.

Koma litsiro likalekedwa, liuma nilisanduka ngati mwala wokangamira pa dzino, umene mswaci suukhoza. Pamenepo kangalande kaja kazama, kafika mamilimita 5 kapena 6 kapena kuposa. Tizirombo tilowa pansi pomwe mswaci sufika, ndipo thupi, pomenyana nato, lisungunula pfupa lace lomwe. Dzino lioneka lalitali, pakati pa mano paoneka mipata, mafinya aturuka, ndipo potsiriza dzino lamoyo, lopanda bowo, ligwedezeka niligwa, monga mtengo wa khola umene ciswe cadya kunsi kwace. Coipa ca nthenda iyi ndi cakuti siwawa kufikira yafika patali. Akulu anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, la WHO, linalemba m'caka ca 2022 kuti nthenda yaikuru ya nkhama igwira anthu akulu pafupifupi 19 mwa 100 ali onse, ndiwo anthu oposa 1,000,000,000. Tsono ngati m'nyumba muno tiri anthu 50, musayang'ane kutali.

Ndinene pano kuti dzina lakuti ciseyeye tiphatikizamo nthenda ziwiri. Iripo ina yocokera ku kusowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, imene icira munthu akadya magwafa, malalanje, mango ndi malambe. Koma imene tiiona kawirikawiri ndiyo iyi ya litsiro, ndipo zipatso zokha siziiciritsa.

2. Njira yocokera m'kamwa kunka ku mtima.

Wina adzafunsa, Nanga mtima uli m'cifuwa, nkhama ziri m'kamwa, zikomana bwanji? Zikomana m'mwazi. Munthu wamkulu ali ndi mwazi wa malita ngati 5, ndipo mtima, umene ugunda ngati ka 100,000 pa tsiku, uuzunguza wonsewo m'thupi pafupifupi mphindi iri yonse. Cimene cagwera mu mtsinje wa Mzimba pano pa Boma sicikhala pano, cinka ku Rukuru, ndi potsiriza ku nyanja. Momwemo cimene calowa m'mwazi pa nkhama cifika ku mtima mphindi isanathe.

Mwa munthu wa nthenda yaikuru ya nkhama, m'kati mwa tingalande tija muli zilonda. Ndipo ophunzira anawerenga kuti zilondazo, zikaphatikizidwa pamodzi, zikhoza kulingana ndi nkhope ya bokosi la macesi. Lingalirani munthu wokhala ndi bala lotero pa mwendo, lotuluka mafinya zaka khumi. Kodi abale ace akadamleka osapita naye ku cipatala? Koma popeza bala liri m'kamwa, lobisika, tiyenda nalo osadera nkhawa. Ndipo pomwe munthuyo atafuna cakudya colimba, tizirombo tipyola pa zilondazo kulowa m'mwazi.

Kawirikawiri asilikari a m'mwazi atipha msanga. Koma nkhondo ikakhala ya tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, thupi lonse likhala lotupa pang'ono m'kati mwace, ndipo kutupako kubvulaza khungu losalala la m'kati mwa mitsempha. Pamalo pobvulala pamata mafuta, mtsempha ucepa ndi kuuma, monga ngalande ya ku dimba idzala ndi matope. Ndipo tsiku lina mwazi uundana pamenepo nutseka njira. Ukatseka mtsempha wodyetsa mtima, munthu agwira pa cifuwa nagwa. Ukatseka wa ku ubongo, munthu afa ziwalo mbali imodzi, ndiyo nthenda imene lero tiicha sitiroko. Madotolo opasula mitsempha yotsekeka apeza m'matope amenewo zizindikiro za tizirombo ta m'kamwa, monga kena kochedwa Porphyromonas gingivalis, kamene kwao ndi ku nkhama zodwala.

3. Cimene cidziwika ndithu: zitseko za mtima.

Tsopano ndisiyanitse zinthu ziwiri, cimene madotolo acidziwa mosakayika, ndi cimene akali kucisanthula. Ndiyamba ndi coyambaco, pakuti cikhudza ana athu.

Mu mtima muli zitseko zinai, zotseguka ndi kutsekeka pa kugunda kuli konse, kuti mwazi usabwerere m'mbuyo. Mwana akadwala zilonda za pakhosi za mtundu wina, osalandira penisilini, kapena patapita masabata awiri kapena atatu amva kuwawa ndi kutupa m'mfundo, natentha thupi. Ife tinena kuti ndi malungo kapena nyamakazi, ndipo zikapita tiiwala. Koma nthendayo ikhoza kusiya zipsera pa zitseko za mtima, ndipo ikabweranso zipsera zionjezeka. Ku maiko olemera nthenda iyi inacepa kalekale, kuno ikalipo. Madotolo amene anaunika mitima ya ana 1,450 m'dera la Lilongwe, nalemba zopeza zao m'caka ca 2016, anaona kuti ana oposa 3 mwa 100 ali onse anali ndi zizindikiro zace, osadziwa iwo eni kapena makolo ao.

Citseko cosalala tizirombo sitikhalapo msanga. Koma pa citseko ca zipsera tipeza pogwira, timanga mudzi, nitidya citsekoco. Ndipo mwa tizirombo tocita cotero, tambiri ndi ta m'kamwa. Ici si ca dzulo: dotolo Thomas Horder wa ku London anacilemba m'caka ca 1909, ndipo masiku amenewo, penisilini asanadze, pafupifupi onse ogwidwa nayo anali kufa. Lero icira, koma ifuna masabata 4 kufikira 6 a jekeseni m'cipatala, ndi nthawi zina opareshoni ya mtima.

Cifukwa cace ndinena kwa inu amai: mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi apite ku cipatala. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wina amene anauzidwa kuti citseko ca mtima wace cinaonongeka, kapena wolandira jekeseni wa penisilini mwezi ndi mwezi, ameneyo ndiye woyamba kusamalira m'kamwa. Asanazulidwe dzino kapena kupalidwa mano, aonetse buku lace la cipatala, kuti dotolo aweruze ngati ayenera kumwa mankhwala poyamba. Ndipo munthu wotere akatentha thupi masabata, naonda, natuluka thukuta usiku, koma poyesa malungo osawapeza, musacedwe ndi mankhwala a m'sitolo; nenani kwa dotolo kuti ali ndi nthenda ya mtima.

4. Cimene cikali kusanthulidwa: mitsempha ndi BP.

Caciwiri ndico ca akulu, ca mitsempha yotsekeka ndi kuthamanga kwa mwazi. Pano ndidzachula zaka ndi maiko, kuti mudziwe kuti si nthano yanga.

M'caka ca 1989 dotolo Mattila ndi anzace ku Finland anayang'ana m'kamwa mwa anthu ogonekedwa ndi nthenda yadzidzidzi ya mtima, napeza kuti m'kamwa mwao munali moipa koposa mwa anzao a msinkhu womwewo. Ku Scotland anatsata anthu 11,869 kwa zaka ngati 8, nalemba m'caka ca 2010 kuti mwa iwo osatsuka mano kawirikawiri ngozi ya nthenda za mtima inaposa ndi magawo 70 pa 100, poyerekeza ndi otsuka kawiri pa tsiku. Ku Sweden, m'caka ca 2016, anafanizira anthu 805 ogwa koyamba ndi mtima ndi anzao 805 osadwala. Ndipo atacotsapo mlandu wa fodya, wa shuga ndi wa zina, anapeza kuti nthenda ya nkhama inali kuonjezabe ngozi ndi magawo 28 pa 100.

Ena anapitirira, nayesa kuciritsa nkhama kuti aone cimene cidzacitika. Ku London, m'caka ca 2007, dotolo Tonetti ndi anzace anagawa odwala nkhama 120 magulu awiri. Ndipo patapita miyezi 6, iwo amene anapalidwa bwino kufikira pansi pa nkhama anali ndi mitsempha yotanuka bwino koposa enawo. Ku Krakow, m'dziko la Poland, m'caka ca 2019, anacita cimodzimodzi ndi anthu 101 okhala ndi BP pamodzi ndi nthenda ya nkhama. Ndipo patapita miyezi iwiri nambala ya pamwamba ya BP ya opalidwa bwino inali yotsika ndi 11 poyerekeza ndi gulu linalo. Iwo amene amwa mankhwala a BP adziwa kuti 11 si kanthu kakang'ono.

Komatu ndikadakhala wonyenga ndikadalekera pomwepo. Mayeso awiri otsirizawa anali a anthu owerengeka ndi a miyezi yocepa. Bungwe la madotolo a mtima la ku America, American Heart Association, litasanthula zolembedwa zonse m'caka ca 2012, linati nthenda ziwirizi ziyendadi pamodzi, ndipo fodya ndi shuga sizikwanira kumasulira kuyenda pamodziko. Koma linatinso umboni wakuti ina ibala inzace sunakwanire, ndiponso sikunatsimikizidwe kuti kupala mano kuletsa imfa ya mtima. M'caka ca 2019 madotolo a nkhama a ku Ulaya ndi a World Heart Federation anakomana ku Madrid, napangana kuti wodwala nkhama aziuzidwa za ngozi ya mtima, ndi wodwala mtima aziyang'anidwa m'kamwa.

Ndikumbutsenso colakwa ca kale, kuti tisacibwereze. M'caka ca 1900 dotolo William Hunter wa ku London anaphunzitsa kuti kubvunda kwa m'kamwa kubala nthenda zambiri za thupi; ndipo om'tsata anapyola muyeso, kotero kuti kwa zaka makumi angapo ku England ndi ku America anazula mano a anthu osawerengeka, abwino ndi oipa omwe, pofuna kuciritsa nyamakazi ndi zina. Anthu anatsala ndi zibwano zokha, ndi nthenda zao zomwe. Tsono asaturuke muno munthu nanena, Kwanenedwa kuti tikazulitse mano kuti mtima ukhale bwino. Dzino lokhoza kupulumutsidwa lipulumutsidwe.

Nanga tigwire citi? Ine nditi: ngakhale nkhama ziri wopalamula, ngakhale ziri mboni yokha, munthu wanzeru amvera mboni. Pakuti mizu ya nthenda ziwirizi iri imodzi. Fodya aononga mitsempha, naononganso nkhama; ndipo acita mocenjera, pakuti afinya timitsempha ta m'nkhama kuti mwazi usaoneke, wosutayo nayesa kuti ali bwino. Fodya woika m'kamwa, amene agogo athu ena amkonda, sali wosalakwa ai. Nthenda ya shuga ikulitsa nthenda ya nkhama, ndipo nkhama zodwala zibvutitsa kutsitsa shuga. Shuga yemweyo ndiye mdani wa mtima. Potero munthu wa zaka 40 amene mano ace agwedezeka ayenera kufunsa za BP ndi shuga wace tsiku lomwelo.

Ndipo tisayese kuti BP ndi nthenda ya olemera a ku Blantyre. Pa kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa caka ca 2009, mwa Amalawi a zaka 25 kufikira 64, mmodzi mwa atatu ali onse anapezeka ndi BP yokwera, a kumidzi ndi a m'tauni omwe; ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sanali pa mankhwala.

5. Za kuno kwathu.

Dziko la Mzimba ndilo lalikuru koposa maboma onse a Malawi, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 900,000, osawerengera a mu mzinda wa Mzuzu. Munthu wa ku Khosolo kapena ku Luwerezi, kuti afike ku cipinda ca mano ca pa cipatala ca Boma, ataya tsiku ndi ndalama za ulendo. Cifukwa cace adikira kufikira dzino lamletsa tulo, ndipo pofika palibe cina koma kuzula. Sindimtsutsa munthu ameneyo. Kufikira caka ca 2019 dziko lathu linalibe sukulu yophunzitsa madotolo akulu a mano, ndipo m'dziko lonse munalibe madotolo otere okwana 50. Nchito yambiri inali, ndipo ikali, m'manja mwa othandiza a mano ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. M'caka cimeneco sukulu ya udotolo ya ku Blantyre, imene lero iri Kamuzu University of Health Sciences, inayamba maphunziro a mano mothandizana ndi University of Glasgow. Ndipo m'caka ca 2022 Boma linakhazikitsa ndondomeko yace yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Izi ndi zoyamika. Koma mtengo wobzalidwa dzulo sitikhala pa mthunzi wace lero, ndipo pakali pano cipatala coyamba ca nkhama ndico dzanja la mwini.

6. Zoyenera kucita munthu yense.

Coyamba, tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, mphindi ziwiri; ndipo kwa pogona ndiko kwakukuru. Lozetsani mswaci pa malire a dzino ndi nkhama, pakuti mdani ali pamenepo, ndipo yendetsani mofatsa, kunja ndi m'kati, kufikira mano a kumapeto. Mswaci ukhale wofewa, ndipo ukanyankhalala, patapita miyezi ngati itatu, usinthidwe. Wopanda ndalama asacite manyazi ndi mswaci wa kamtengo, monga wa muula, umene makolo athu anatsukira. Ukatafunidwa bwino nufewa, ugwira nchito, pokhapo ufike dzino liri lonse. Mankhwala otsukira okhala ndi fluoride ateteza mano kuti asabooke. Mukatha labvulani, osacukuca ndi madzi. Mcenga, phulusa ndi makala zipala dzino lomwe ndi kubvulaza nkhama, zilekeni. Mswaci subwerekanidwa.

Caciwiri, nkhama zikacoka mwazi musaleke kutsuka. Ambiri aleka poopa kukulitsa bala, ndipo potero adyetsa nthendayo. Pitirizani mofatsa; kawirikawiri mwazi uleka pasanathe masabata awiri. Ukapanda kuleka, kapena mukaona mafinya, pfungo losatha, kapena dzino logwedezeka, pitani ku cipatala, nimupemphe kuti akuyang'aneni nkhama ndi kukupalani miyala ya m'mano. Alipo onena kuti kupala kugwedeza mano. Si kutero ai, koma mwala ukacoka cioneka cimene nthenda inadya kale.

Cacitatu, cotsani zotsalira pakati pa mano tsiku ndi tsiku, ndi ulusi wace kapena kamtengo kosalala. Singano, phini ndi waya zilasa nkhama. Musaike asipirini pa nkhama, pakuti aocha. Ndipo makapisozi ogula pa msika angotonthoza masiku ocepa, mwala uli pomwepo.

Cacinai, pa ulendo uli wonse wa ku cipatala, kaya pano pa Boma, kaya ku Embangweni, kumene odwala athandizidwa kuyambira masiku a Dotolo Agnes Fraser, kaya ku Katete, ku Jenda, ku Edingeni kapena ku Manyamula, pemphani kuti akuyeseni BP, ndipo nambala yace ilembedwe m'buku lanu. Ikafika 140 pa 90 kapena kuposa, masiku osiyana, ifuna cithandizo. Safunsa anadya phula.

Cacisanu, kwa iwo akumwa kale mankhwala: ena a BP, monga nifedipine ndi amlodipine, atupitsa nkhama mwa anthu ena, ndipo asipirini ndi warfarin acititsa mwazi kucedwa kuleka. Musaleke mankhwala pa nokha cifukwa ca ici. Kanene kwa amene anakulemberani, ndipo wozula dzino adziwe zonse mukumwa. Amai oyembekezera, ndi iwo okhala ndi HIV, nkhama zao zidwala msanga, asamale koposa.

Cacisanu ndi cimodzi, lekani fodya, cepetsani shuga m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera, cepetsani mowa, ndipo mcere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi pa munthu. Izi zitumikira nkhama ndi mtima pamodzi.

Ndipo dziwani zizindikiro zosadikira kuca: kulemera kapena kufinya pa cifuwa kofika ku mkono wamanzere kapena ku nsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi befu, kukhota kwa pakamwa, kufoka kwa mkono, ndi lilime lolemera. Nthawi zina mtima ulirira m'nsagwada, munthu nayesa kuti ndi dzino; kuwawa kwa nsagwada kobwera pokwera citunda ndi kuleka popuma si kwa dzino ai. Wotere anyamulidwe msanga kunka ku cipatala, mlandu wa ufiti uyambe wadikira.

7. Zopempha kwa msonkhano.

A Wapampando, mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace ndiika pamaso pa msonkhano zinthu zinai, kuti muziweruze.

(a) Kuti ciwalo ciri conse ciyesedwe BP, ndi kuonetsa m'kamwa mwace ku cipatala, msonkhano wina usanafike.

(b) Kuti Mlembi alembe kalata waulemu kwa akulu a zaumoyo a Mzimba South, kupempha kuti a mano azifika nthawi ndi nthawi ku zipatala zazing'ono za kumwera ndi zipangizo zopalira mano, osati zozulira zokha; ndi kuti wodza ndi bvuto la mano aziyesedwa BP asanacoke.

(c) Kuti tipemphe Mafumu athu, aphunzitsi ndi akulu a mipingo anene mau awa m'midzi ndi m'sukulu, m'cinenero ca eni mudzi, makamaka za zilonda za pakhosi za ana.

(d) Kuti tilembere ana athu ali ku Joni, kuti pa katundu amene atumiza kumudzi asaiwale miswaci ya makolo ao ndi ya ana ao. Ndi kuti iwo eni ayesedwe BP komweko.

Ndatha mau anga. Amalume anga sadzabwera, ndipo nyumba ziwiri zija sindidziwa kuziyanjanitsa. Koma m'mudzi uli wonse mwa midzi yathu alipo wina wolabvula mwazi m'mawa ndi kuseka. Mukafika kwanu mumuuze, mwaulemu, zimene mwamva lero, ndipo ngati aopa njira, mumperekeze.